Mphekesera ndi imodzi, nanga bwanji wina amathawa, wina amatola mwala?

Nachisale_MJ

Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Tikukonza maphunziro a makomiti a zaumoyo ndi a chitetezo cha m'mudzi, ndipo mutu umodzi ndi wa mphekesera za chiwembu, zija zimati pali anthu akuluakulu amene agwirizana mwamseri kuti atipweteke. Chitsanzo chimene aliyense akuchidziwa kuno ndi cha anamapopa mu 2017.

Chikundizunguza mutu ndi ichi. M'mudzi umodzi onse anamva nkhani yofanana, ndipo ambiri anaikhulupirira. Koma ena anangosiya kugona m'nyumba n'kumagona panja m'magulu, ena anasiya kupita ndi ana kusikelo, ena anatseka misewu n'kumasecha magalimoto, ena anafika pogenda munthu mpaka kufa. Enanso ankangotumiza nkhaniyo pafoni basi. Kusiyana kumeneku kumachokera pati? Ndipo a komiti tiwauze kuti aziyamba ndi chiyani, poti kungonena kuti "ndi bodza" anthu sakumva?

Mbewe_Zomba

Mayi Nachisale, chimene chimayendetsa miyendo ya munthu akamva nkhani yotere ndi mmene mtima wake wailandirira. Anthu awiri akhoza kukhulupirira chinthu chimodzi ndendende, wina n'kudzitsekera m'nyumba, wina n'kutenga chibonga.

Ndiyambe ndi mantha ndi mkwiyo, chifukwa timakonda kuziika m'thumba limodzi pomwe zimakokera kosiyana. Mu 2001 akatswiri awiri a ku America, Jennifer Lerner ndi Dacher Keltner, anaonetsa kuti munthu wamantha amaona ngozi ngati yaikulu ndipo amapewa chilichonse choika moyo pachiswe, pomwe wokwiya amaichepetsa ngoziyo, amadzidalira, ndipo sachedwa kulowa m'zoopsa. Chimasiyanitsa ziwirizi ndi mafunso awiri amene mtima umadzifunsa mwachangu munthu asanaganize n'komwe. Kodi ndikumudziwa amene wachita izi? Kodi ndili ndi mphamvu zomuchita kanthu? Mayankho onse akakhala ayi, pamabwera mantha. Akakhala eya, pamabwera mkwiyo.

Tengani mayi amene ali yekha ndi ana m'nyumba 2 koloko usiku. Wamva kuti anamapopa amapopera mankhwala ofooketsa, amagwiritsa ntchito matsenga, saoneka. Mdani alibe nkhope ndipo iye alibe mphamvu, ndiye amanyamula mphasa kukagona kwa anzake. Tengani anyamata 30 amene aika matabwa ndi miyala pamsewu, kenako yatulukira galimoto yachilendo. Mdani wapeza nkhope, iwo ndi ambiri. Munthu yemweyo amene ankanjenjemera usiku akhoza kukhala wolusa m'mawa. Choncho nthawi yoopsa kwambiri pa mphekesera iliyonse ndi pamene yapeza munthu womuloza chala: mlendo amene sakudziwika, wodwala misala amene sakuyankha bwino mafunso, wamalonda amene walemera mwachangu, wachipatala amene wanyamula chikwama. Mnyamata amene anagendedwa n'kuotchedwa ku Chileka mu Okutobala 2017 anali wodwala khunyu. Pofika kumapeto kwa mwezi umenewo anthu osachepera 9 anali ataphedwa.

Si zathu zokha izi. Ku Britain mu 2020 kunabuka nkhani yoti netiweki ya 5G ndi imene ikufalitsa Covid-19, ndipo nsanja za netiweki zoposa 70 zinaotchedwa kapena kuonongedwa. Daniel Jolley ndi Jenny Paterson anafunsa anthu 601 a kumeneko, n'kupeza kuti chimene chinkalumikiza kukhulupirira nkhaniyo ndi kuona chiwawa ngati choyenera chinali mkwiyo, makamaka mwa anthu amene kale amakayikira kwambiri anzawo.

Chachitatu ndi kugwa mphwayi, ndipo ichi sichimveka pawailesi chifukwa sichikhetsa magazi pamsewu. Jolley yemweyo ndi Karen Douglas mu 2014 anapatsa anthu nkhani za chiwembu kuti awerenge, ndipo atawerenga anthuwo anadziona kuti alibe mphamvu, chidwi chawo chokavota chinatsika, chimodzimodzi chidwi chobayitsa mwana katemera. Munthu wotere sakangana nanu. Amangoti "zonse anakonza kale akuluakulu," n'kusiya kubwera. Pa makomiti anu a zaumoyo gulu limeneli ndi limene lidzaonekere m'kaundula wa sikelo patapita miyezi.

Otumiza pafoni aja nawo ali ndi chawo. Jonah Berger ndi Katherine Milkman mu 2012 anaunika nkhani pafupifupi 7,000 za nyuzipepala ya New York Times n'kupeza kuti zimene anthu ankatumizirana kwambiri ndi zodzutsa thupi, monga zokwiyitsa, zodetsa nkhawa ndi zodabwitsa, pomwe zomvetsa chisoni zinkayenda pang'ono. Kafukufuku wina wa mu 2018, amene anatsata nkhani pafupifupi 126,000 pa Twitter, anapeza kuti mwayi woti nkhani yabodza itumizidwenso unali wokwera ndi 70 peresenti kuposa yoona, ndipo mayankho a anthu pa zabodzazo ankaonetsa mantha, kunyansidwa ndi kudabwa. Thupi likadzuka limafuna kuchita kanthu, ndipo kanthu kapafupi kwambiri ndi kudina batani. Ambiri amatumiza chifukwa cha chikondi, kuti abale awo asapezeredwe.

Muchenjere chinthu chimodzi pophunzitsa. Kafukufuku wambiri wotereyu anachitikira ku Ulaya ndi ku America, ndipo nthawi zambiri amafunsa anthu zimene angachite, osati kuona zimene achitadi. Mutengepo njira yoganizira, manambalawo musawaveke mudzi wa ku Phalombe.

Nabanda_namwino

Bambo Mbewe afotokoza bwino za mtima. Ine ndionjezereko za thupi, chifukwa apa ndi pamene a komiti amalakwitsa kwambiri. Munthu akabwera n'kunena kuti wapopedwa magazi, nthawi zambiri sakunama. Wamvadi chinachake m'thupi mwake, ndipo mukamuuza kuti palibe chachitika mwamutcha wabodza pamaso pa abale ake.

Pali zinthu ziwiri zimene zimachitikadi. Choyamba ndi mantha aakulu obwera mwadzidzidzi. Thupi limatulutsa adrenaline, timadzi tolikonzekeretsa kuthawa kapena kumenyana, mtima umagunda mofulumira, munthu amapuma mwaphuma. Kupuma koteroko kumatulutsa mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa mmene ziyenera kukhalira, ndipo zotsatira zake ndi chizungulire, dzanzi m'zala ndi m'milomo, kufooka kwa miyendo, nthawi zina zala kupindika. Zimafika pachimake m'mphindi pafupifupi 10 ndipo kawirikawiri zimatha pasanathe theka la ola. Tsopano taonani: chizungulire, kufooka, dzanzi. Ndi zomwezo zimene munthu anauzidwa kuti wopopedwa magazi amamva.

Chachiwiri ndi kudzidzimuka kutulo maso ali tong'o koma thupi osatheka kusuntha, mawu osatuluka, pachifuwa ngati pakhala chinthu cholemera, ndipo ena amaona chithunzithunzi cha munthu m'chipinda kapena kuwala. Chimachitika n'chakuti tikamalota ubongo umamanga minofu kuti tisachite zimene tikulota, ndipo nthawi zina munthu amadzuka minofu isanamasuke. Zimatenga masekondi ochepa mpaka mphindi zingapo. Anthu pafupifupi 8 pa 100 alionse zimawachitikirapo m'moyo wawo, ndipo zimachuluka munthu akamasowa tulo, akakhala ndi nkhawa, kapena akagona chagada. Ganizirani mudzi umene wakhala sabata ziwiri ukugona panja, anthu akulondera mosinthana, ng'oma ndi malikhweru usiku wonse. Kusowa tulo kumachulukitsa vuto lomweli, aliyense amene zamuchitikira amakhala mboni yatsopano, mboni zatsopano zimachotsa tulo kwa ena. Bungwe la madokotala la Society of Medical Doctors linanena mu Okutobala 2017 kuti palibe amene anapezeka ndi umboni woti wachotsedwa magazi, komanso kuti achipatala ena anachitidwa chipongwe chifukwa chonyamula chida chomvetsera kugunda kwa mtima.

Wotere akabwera, a komiti achite motere. Amuchotse kaye pagulu, chifukwa anthu 40 akamuzungulira mantha amakula, komanso sangabwererenso pa zimene wanena. Akhale naye pansi anthu awiri okha, mmodzi akhale wachibale. Amufunse zimene anamva, asamudule. Amuthandize kupuma pang'onopang'ono, kukoka mpweya akuwerenga mpaka 4, kutulutsa akuwerenga mpaka 6, kwa mphindi 5. Kenako apite naye kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe malungo ndi kuchuluka kwa magazi, wachibale uja akuona. Kuyeza malungo kumatenga mphindi 15 mpaka 20. Apa pali msampha: magazi akapezeka ochepa, abale amati mwaona. Ndiye wachipatala anene asanayeze kuti magazi amachepa ndi malungo, likodzo, njoka za m'mimba ndi kusadya mokwanira, ndipo ayeze zimenezo. Akanena pambuyo zimamveka ngati akuzemba. Ndipo ngati munthu akumva kupweteka pachifuwa, wakomoka kapena wagwa khunyu, musamangoti ndi mantha, thamangirani naye kuchipatala.

Mtima ukatsika mpomwe mungafotokoze mmene magazi amatengedwera. Munthu wamkulu ali ndi malita pafupifupi 5. Wopereka magazi amapereka mamililita 450, ndipo pamafunika kumanga mkono, kupeza mtsempha pamalo owala, kubaya singano yaikulu imene imasiya chizindikiro choonekeratu, n'kudikira mphindi pafupifupi 10 munthu ali chete. Magazi akatuluka amaundana m'mphindi zochepa ngati sanalowe m'thumba lokhala ndi mankhwala oletsa kuundana, ndipo amasungidwa pozizira madigiri 2 mpaka 6. Ngati n'kotheka itanani munthu wa m'mudzi momwemo amene anaperekapo magazi kusukulu kapena kutchalitchi, afotokoze yekha. Anthu amamvera mnzawo kuposa mlendo wovala zoyera.

aPhiri_aNdirande

Zonse zanenedwazi n'zoona, koma ndikuona kuti tikhoza kutuluka pano tikuganiza kuti vuto lili m'mitu ndi m'matupi a anthu akumudzi basi. Sindikugwirizana nazo. Mkwiyo umene unaphulika mu 2017 sunabadwe ndi mphekeserayo, unalipo kale, mphekesera inangoupatsa kolowera.

Taonani nthawi zimene nkhani ya magazi imabuka. Pa kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, pakati pa 1968 ndi 1970, anthu ankati magazi akupita ku South Africa kukabweza ngongole, ndipo inali nthawi imene boma linatengadi ngongole ku dziko limenelo yomangira likulu ku Lilongwe. Mu Disembala 2002 nkhani inali yoti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chakudya kwa mabungwe akunja. Dziko linali litangotuluka m'njala yoopsa imene inadza chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa. Ansembe atatu anamenyedwa, ndipo mu Januwale 2003 a Eric Chiwaya, amene anali gavanala wa chipani cha UDF mumzinda wa Blantyre, anagendedwa mpaka kugonekedwa m'chipatala. Ya 2017 inabwera pambuyo pa njala ya 2016, komanso mtengo wa nandolo utagwa dziko la India litachepetsa kugula mu Ogasiti chaka chimenecho, ndipo nandolo ndiye ndalama ya mlimi wa ku Mulanje ndi Phalombe. Kutsidya kwa malire ku Mozambique ali ndi nkhani yawo ya opopa magazi yotchedwa chupa-sangue, ku Zambia kunali ya banyama kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo Luise White analemba buku lonse lonena za mphekesera zimenezi mu 2000.

Zoti munthu akupopa magazi usiku n'zabodza. Koma kumva kuti pali ena amene akunenepa ndi thukuta lako, iwe osafunsidwa, kumeneko mlimi amakhala nako tsiku lililonse. N'chifukwa chake bwana akabwera pagalimoto n'kunena kuti ndinu mbuli, anthu amamva kuti nayenso ali m'gulu lomwelo. Wotsutsa mphekesera mwachipongwe amaipatsa umboni.

Bambo Mbewe sanatchule manyazi, ndipo ine ndimawaona ngati chinthu chovuta kuposa mantha. Bambo amene anaima pabwalo n'kulumbira kuti anawaona anamapopa, mfumu imene inalamula anthu kulondera, mnyamata amene anaponya nawo mwala, onsewa akavomera kuti panalibe kanthu ndiye kuti avomera kuti ananamiza anzawo kapena anapweteka munthu wosalakwa. Ambiri amasankha kulimbikira. Mukafuna kuti abwerere muwasiyire khomo lotulukira ndi ulemu wawo, monga kunena kuti "aliyense wokonda ana ake akanachita mantha," osati "tinakuuzani."

Komanso tisabise kuti ena ankapindula. Pa zipata zosavomerezeka zija oyendetsa magalimoto ankalipitsidwa ndalama, ndipo mnyamata wosowa ntchito amene dzulo sankawerengedwa anapezeka akuimitsa Land Cruiser. Ulemu umenewo ndi wokoma, sangausiye chifukwa cha phunziro la mamililita. Mtengo wake analipira ndi mudzi wonse: a United Nations anachotsa antchito awo ku Mulanje ndi Phalombe mu Okutobala 2017, ndipo ntchito zambiri zothandiza anthu zinaima.

Nachisale_MJ

Zikomo nonse, ndalemba zambiri. A Phiri, mfundo ya manyazi ija ndiika payokha. Chatsala n'chakuti a komiti amafuna zogwirika. Tiyerekeze kuti voice note yalowa m'gulu la pa WhatsApp la mudzi madzulo ano, yoti kwa mfumu yakuti apopa anthu atatu. Tsiku loyamba achite chiyani, ndipo asachite chiyani?

Nkhoma_K

Achemwali, tsiku loyamba cholinga chikhale chimodzi: mphekesera isapeze nkhope. Kutsimikizira anthu kuti ndi bodza kukhoza kutenga mwezi, koma munthu amaphedwa m'mphindi 20.

Adimini wa gulu asayambe ndi kufufuta uthengawo mwakachetechete kapena kutulutsa wotumiza, chifukwa anthu amati akubisa, n'kukatsegula gulu lina kumene inu kulibe. Aimbire wotumizayo foni payekha, amufunse mafunso atatu: wakutumizira ndani, wopopedwayo dzina lake ndani, iweyo wamuona? Kawirikawiri mupeza kuti ndi za kandimverere, anamva kwa mlamu wake amene anamva mu minibasi. Munthu akamayankha mafunso otere mtima umatsika wokha, ndipo kafukufuku wa Gordon Pennycook ndi anzake wa mu 2021 anaonetsa kuti kungomukumbutsa munthu kuganizira ngati nkhani ili yoona kumachepetsa kutumiza zabodza. Pagulu alembe uthenga waufupi: tamva, tikufufuza, yankho libwera pofika 7 koloko m'mawa, ndipo chithunzi cha munthu, nambala ya galimoto kapena dzina la aliyense zisaikidwe pano. Chithunzi kapena dzina zikaikidwa, zimenezo afufute nthawi yomweyo n'kufotokoza chifukwa chake. Nthawi imene walonjeza aisunge ngakhale yankho litakhala lochepa. Akakhala chete usiku wonse, anthu amadzaza okha mpatawo.

Chachiwiri, amantha apatsidwe chochita. Katswiri wa mauthenga a zaumoyo Kim Witte anafotokoza mu 1992 kuti munthu akaopsezedwa koma n'kupatsidwa njira imene akuona kuti angaikwanitse, amalimbana ndi ngoziyo, koma akapanda kupatsidwa njira amalimbana ndi mantha akewo, mwa kukana, kuzemba kapena kukwiyira wobweretsa uthenga. Ndiye "khalani chete, palibe kanthu" ndi uthenga wopanda ntchito. Auzeni kuti aliyense womva zachilendo m'thupi aimbire mlangizi wa zaumoyo pa nambala yakuti, ndipo komiti imuperekeza kuchipatala. Kuli kotheka atha kuimbanso Chipatala Cha Pa Foni.

Chachitatu ndi olondera. Kuwaletsa sikutheka, adzalondera basi. Chotheka ndi kuwakonza. Mfumu ilembe mayina awo, magulu akhale a anthu 4 mpaka 6, m'gulu lililonse mukhale munthu wachikulire, asinthane pa maola atatu kapena anayi kuti agone, asamwe mowa, anyamule tochi ndi likhweru, zikwanje zitsale kunyumba. Lamulo likhale limodzi lomveka: mlendo aliyense apite naye kwa mfumu, asafunsidwe mafunso pamsewu. Kufunsa pamsewu n'kumene kumapha, chifukwa munthu wozunguliridwa amachita chibwibwi, amasintha mawu, mwina amathawa, ndipo khamu limatenga zimenezo ngati kuvomera. Mfumu ndi apolisi agwirizane lisanalowe dzuwa kuti woganiziridwa akasungidwe kuti, ndani aimbe foni, galimoto ichokera kuti. Mabanja amene ali ndi wodwala khunyu kapena misala awachenjeze mwaulemu kuti asamusiye kuyenda yekha, ndipo olondera amudziwe.

Khamu likayamba kusonkhana, asalankhule ndi gulu lonse. Aitane anthu ndi mayina ndi mfunda zawo, "aBanda, bwerani mundithandize kumugwira dzanja," chifukwa munthu akatchulidwa dzina amakumbukira kuti mawa adzayankha yekha. Akuluakulu atatu kapena anayi, kuphatikizapo abusa kapena ashehe ndi amayi olemekezeka, amuzungulire woganiziridwayo n'kumayenda naye. Asakangane za ngati anamapopa alipo. Mawu akhale akuti "tikupita naye kwa mfumu, tikamve konko."

Mabungwe ndi achipatala nawo ali ndi gawo. Masiku amenewo asalowe m'mudzi osadzera kwa mfumu, asayende madzulo, kafukufuku wotenga magazi aimike kaye, ndipo chikwama chitsegulidwe anthu akuona asanapemphe. Kuonetsa poyera kumagwira ntchito kuposa kulumbira. Mu Meyi 2021 anthu atayamba kuthawa katemera wa Covid-19 pomva kuti wina watha mphamvu, unduna wa zaumoyo unaotcha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 poyera ku Lilongwe, atolankhani akujambula, kuti aliyense aone kuti wotha mphamvuyo sadzabayidwa munthu.

Msonkhano wa pabwalo uchitike masana, tsiku lachiwiri, anthu atagonako. Ayambe kulankhula ndi anthu, akuluakulu amvetsere kwa theka la ola, ndipo madandaulo ena akatuluka, a makuponi, a mtengo wa mbewu, a mankhwala osowa kuchipatala, mlembi awalembe n'kunena tsiku limene yankho lidzabwere. Zoopseza ndi lamulo zibwere kumapeto ndipo zilunjike pa kumenya, kuotcha ndi kulipiritsa anthu pamsewu. Mukaopseza kumanga aliyense wonena kuti wapopedwa, odwala enieni amabisala ndipo nkhani imalowa pansi kumene simungaimve.

Nabanda_namwino

Ndionjezere kamodzi pa za a Nkhoma. Phokoso likatha, mlangizi wa zaumoyo atenge kaundula wa sikelo, wa amayi oyembekezera ndi wa olandira ma ARV, ayerekeze miyezi itatu mphekesera isanabwere ndi miyezi itatu itadutsa. Amene asowa awayendere pakhomo mmodzimmodzi pamodzi ndi munthu wa komiti amene banjalo limamukhulupirira, ayambe ndi a ma ARV ndi a TB chifukwa kudukiza mankhwala amenewo kumabweretsa vuto msanga, kenako ana amene anaphonya katemera.